Dare ya The Human League: makina sanadziimbire okha

Pali anthu amene amati nyimbo za ma synthesizer (makina amagetsi opanga mawu a nyimbo) za m'ma 1980 n'zaulesi, ati munthu ankangodina batani makina n'kumadziimbira. Anthu amenewa akamvetsere chimbale cha Dare cha gulu la ku Sheffield, ku England, la The Human League, chomwe chinatuluka mu Okutobala 1981, Martin Rushent ndiye anachijambula.

Nthawi imeneyo MIDI, njira yolumikizira zida zoimbira zamagetsi kuti zizimvana, kunalibe, inabwera mu 1983. Nyimbo ankaziika m'kabokosi kotchedwa Roland MC-8 polemba manambala, noti imodziimodzi. Noti iliyonse inkafuna manambala atatu: ikwere kufika pati, ilire nthawi yaitali bwanji, ndipo yotsatira iyambe liti. Mukalakwitsa nambala imodzi yokha ya nthawi, manoti onse otsatira amasuntha, besi n'kusemphana ndi ng'oma mpaka kumapeto. Magetsi akathima musanasunge pa kaseti, ntchito yonse yapita. Ma synthesizer enieniwo, monga Roland System 700 ndi Jupiter-4, akatentha mawu ake amasokonekera pang'onopang'ono, motero amafunika kuwayatsa msanga ndi kuwachuna mobwerezabwereza. Ulesi uli pati pamenepa?

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ng'oma. Anagwiritsa ntchito Linn LM-1, makina oimba ng'oma oyambirira kukhala ndi mawu a ng'oma zenizeni zojambulidwa. Mawu aliwonse anali afupiafupi chifukwa memory yosungiramo mawu m'makinamo inali yodula, ndipo chimbale chachitsulo chija chimalira nthawi yaitali, crash, munalibemo. Chosowa chimenechi ndi chomwe chinakometsa Dare. Pamwamba pa nyimbo palibe phokoso la "tsss", ndiye mawu a oimba ali ndi malo okwanira. Ng'oma ikagunda imangoti pha! n'kuduka. Mawu aakulu a Philip Oakey, woimba wamkulu wa gululi, amakhala pansi, a Joanne Catherall ndi Susan Ann Sulley pamwamba. Atsikana awiriwa Oakey anawapeza akuvina mu kalabu ya Crazy Daisy mu 1980 akadali pasukulu, osaphunzira kuimba, ndipo zimamveka, koma n'zomwe zimachipatsa umunthu chimbalechi.

Nyimbo zilipo 10. Don't You Want Me, yomwe inakhala pa nambala 1 ku Britain pa Khirisimasi ya 1981, Oakey sankaifuna kwenikweni, n'chifukwa chake ili kumapeto. Kwa ine mtima wa chimbalechi ndi Seconds, yonena za kuphedwa kwa pulezidenti wa America John F. Kennedy: ng'oma imodzimodzi yosasintha, mawu ochepa, koma thupi limachita tsemwe.

Chonde musachimvere pa sipika ya foni, besi yonse imasowa ndipo nyimbo zimamveka zopyapyala. Pezani mahedifoni abwino, muyambire nyimbo yoyamba osadumpha, khutu lanu likhale pa besi ndi ng'oma kuti mumve mmene zimasiyiranirana mpata.