Kalata ya kusitolo si chigamulo cha khoti

Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhaniyi chifukwa ndi ya m'nyumba mwanga. Mwiniwake wandilola, bola dzina lake lisatuluke. Chandikakamiza n'chakuti Lamulungu lapitali mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti walipira £150 pa nkhani ngati yomweyi, ya kalata yofuna ndalama munthu akagwidwa akuba m'sitolo, ndalama imene anasungira feteleza wa kumudzi. Ndiye ndati ndilankhule, makamaka kwa inu amene muli kuno ku England ndipo mukulera ana, anu kapena a abale anu.

Mwana wa achemwali anga amakhala ndi ine. Anabwera kudzaphunzira, ndipo pa nthawiyo anali ndi zaka 19. Tsiku lina m'mawa, nditangoweruka shifiti ya usiku, ndinati ndichape zofunda zonse ndisanagone. Pokutumula pilo wake munagwa envulopu yopindidwa kanayi, yofewa ngati kansalu chifukwa choitsegulatsegula. M'katimo munali makalata awiri ochokera ku kampani ina imene imatolera ndalama m'malo mwa masitolo. Pamwamba analemba mawu akuti civil recovery. Amafuna £137.50 pasanathe masiku 21, apo ayi akanatha kumutengera kukhoti, ndipo ndalamayo ikanakwera.

Ndinakhala pansi pa kapeti pomwepo, nsapato za kuntchito zili kuphazi.

Atabwera madzulo ndinangoika envulopuyo pa tebulo la kukhitchini, pafupi ndi mbale yake ya nsima. Sanakhudze chakudya. Anati, "Amayi aang'ono, ndimafuna ndimalize kulipira musanadziwe." Nkhani yake inali yotere: anatenga zodzola m'maso ndi kalipisitiki, zonse pamodzi zosakwana £12, n'kuziponya m'thumba la jekete. Mlonda anamuimitsa pakhomo, anamulowetsa m'kachipinda kakumbuyo kopanda windo, anamulanda zinthuzo zili zomatamata momwe zinalili pa shelefu, anajambula chiphaso chake cha kusukulu, anamusainitsa pepala limene sanaliwerenge chifukwa misozi inali itadzaza m'maso, n'kumuuza kuti asadzapondenso m'sitolomo. Apolisi sanaitanidwe. Patatha masabata atatu kalata inafika. Anali atawaimbira kale foni n'kulipirako £40 ya ganyu wake wa Loweruka, ndipo kwa mwezi wathunthu sankadya masana kusukulu kuti apeze yotsalayo.

Ndisaname, ndinapsa mtima. Kuba ndi kuba, kaya ndi ng'ombe kaya ndi lipisitiki. Ndinamukalipira mpaka mawu anandithera, ndipo sindikudandaula kuti ndinatero. Amene akuwerenga izi n'kumaganiza kuti ndikuikira kumbuyo akuba, ayi ndithu. Anthu ogwira ntchito m'masitolo muno amatukwanidwa, ena amamenyedwa, ndipo ambiri mwa alondawo ndi anzathu ochokera kwathu ku Africa. Koma mkwiyo utaphwa ndinawerenganso kalatayo modekha, ndipo funso linandibwerera: katundu wa £12 anabwezedwa osatsegula, nanga £137.50 ikuchokera kuti?

Apa ndi pamene ife Amalawi timagwera m'mbuna, ndipo chotigwetsa ndi khalidwe lathu labwino lomwe. Kwathu munthu akalakwa amapita kubwalo, amfumu ndi nduna zawo amamva mbali zonse, n'kugamula kuti ulipe nkhuku kapena mbuzi. Ukapereka, mwagwirana chanza, mlandu watha, palibe woukumbanso. Tinakula tikudziwa kuti kulipa ndiko kutsuka dzina. Ndiye kalata ikabwera ndi mawu a malamulo ndi chiwerengero cha ndalama, mtima umangoti ichi ndiye chindapusa changa, ndipereke nkhani ithe.

Koma kalata imeneyi si chindapusa. Palibe woweruza amene waiona. Sinachokere kupolisi, sinachokere kuboma. Ndi sitolo, kudzera mwa kampani imene yailemba ganyu, ikunena kuti "watiwonongetsa zakutizakuti, tibwezere." Ndi dandaulo la mbali imodzi, ndipo mtengo wadziikira yekha wodandaulayo. Tangoganizani kubwalo kwa amfumu mwini munda atadzigamulira yekha kuti amulipe mbuzi zitatu pa chinangwa chimodzi chimene chabwezedwa kale, amfumu asanakhale n'komwe pampando.

Chinanso chowawa: kulipira sikutseka pakamwa apolisi. Kuno milandu ili panjira ziwiri zosakumana. Kuba ndi mlandu wa boma pansi pa Theft Act ya 1968, ndipo oyendetsa ndi apolisi ndi oimira boma pamilandu. Zofuna kubwezeredwa ndalama ndi nkhani ya pakati pa iwe ndi sitolo, yopita ku County Court, khoti la milandu ya ndalama ngati imeneyi, ngati sitoloyo itasankha kukusumira. Ukhoza kulipira zonse mawa n'kuitanidwabe kupolisi. Ukhozanso kukana kulipira apolisi osakufunsa kanthu. Mayi wa kutchalitchi uja ankaganiza kuti £150 yake yagula mtendere ndi apolisi. Sinagule.

Lachiwiri lotsatira tinapita ku Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu pa za malamulo ndi ngongole. Thandizo lawo ndi laulere, ndipo bungweli nkhani imeneyi linaifufuza kalekale, linatulutsa malipoti awiri mu 2009 ndi 2010. Anapeza kuti makalata ambiri otere amapita kwa achinyamata, pa katundu wotsika mtengo amene nthawi zambiri anali atabwezedwa bwinobwino, ndipo ndalama zofunidwazo zinali zoikiratu, monga £87.50, £137.50 kapena £187.50, osati zowerengedwa malinga ndi zimene zinachitikadi tsikulo. Anaonanso kuti kuopseza za khoti kunali kochuluka, koma milandu yofikadi pamaso pa woweruza inali yosowa kwambiri.

Umodzi umene unafika ndi wa mu May 2012 ku Oxford County Court. Sitolo ina yaikulu inasumira atsikana awiri amene anagwidwa akuba, ikufuna £137.50 yomweyi. Mbali yaikulu ya ndalamayo ankati ndi ya nthawi imene alonda anataya pothana ndi atsikanawo. Woweruza, Charles Harris, anaukana mlanduwo. Mfundo yake ndi yomveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira malamulo: mlonda analembedwa ntchito kuti azigwira akuba, ndiye akagwira wakuba sanasiye ntchito yake, wagwira ntchito imene amalandirira malipiro. Sitolo ikanamulipirabe tsiku limenelo ngakhale pakanapanda wakuba. Kuti kampani ibwezeredwe ndalama za nthawi ya antchito ake, iyenera kuonetsa kuti antchitowo anachotsedwadi pa ntchito zawo za masiku onse ndipo bizinesi inasokonekera kwambiri. Muyeso umenewu unachokera ku khoti la apilo, Court of Appeal, mu 2007, pa mlandu wa Aerospace Publishing ndi Thames Water, pamene paipi ya madzi inaphulika n'kumiza zosungidwa za kampani yosindikiza mabuku, antchito n'kusiya zonse kuti apulumutse zomwe akanatha. Kumeneko ndiye kusokonekera. Mphindi makumi atatu m'kachipinda ndi mtsikana wolira si zimenezo.

Ndinene mosabisa kuti chigamulo cha County Court sichimanga makhoti ena, ndiye musamayende nacho ngati chithumwa. Ndiponso ngati katundu unamutsegula, unamudya, unamuwononga kapena unathawa naye, pamenepo sitolo yaluzadi ndipo ili ndi ufulu wofuna mtengo wake. Ine zodzola zija zikanakhala kuti anazitsegula, £12 ndikanamulipiritsa tsiku lomwelo kuchokera m'thumba mwake, popanda kukambirana. Chimene ndikukana ndi kusandutsa manyazi a mwana kukhala munda wokolola.

Chimene makalatawa amadalira ndi manyazi basi. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Wolemba kalata amadziwa kuti wolandirayo sauza munthu, safunsa loya, saonetsa makolo. Kwa ife obwera kuchokera kunja pamawonjezekera mantha a viza. Mwana wangayu usiku sankagona, ankaona akumukweza ndege kubwerera ku Lilongwe chimanjamanja, anthu a kumudzi akuloza amayi ake chala. Munthu wotero ukamuuza kuti £137.50 ithetsa zonse, apereka ngakhale agone ndi njala.

Tinalemba kalata yaifupi, mothandizidwa ndi mlangizi wa ku Citizens Advice. Tinati katundu yense anabwezedwa ali bwino woti n'kugulitsidwanso, sitikuvomereza ndalama imene akufunayo, atitumizire tsatanetsatane wa chimene sitolo inaluza ndi umboni wake, ndipo zonse zizidzera m'makalata, asamaimbe foni. Za foni ndikuzinenetsa. Pafoni munthu wamantha amavomera zimene sanafunsidwe n'komwe, ndipo ndi momwe £40 ija inapitira. Tinasunga kope la chilichonse mu fayilo ya pulasitiki pamwamba pa firiji.

Anayankha ndi kalata ina yaukali kuposa zoyamba. Kenako inabwera ya kampani yotolera ngongole, ya zilembo zofiira. Imeneyi inandigwedeza nanenso, mpaka ndinayamba kusuzumira pawindo galimoto ikaima panja. Koma otolera ngongole si ma bailiff, aja olanda katundu khoti likalamula. Alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwako kapena kunyamula katundu wako. Ma bailiff amabwera pokhapokha khoti litagamula kuti ulipire ndipo iwe walephera. Tinawayankha kuti ndalamayi tikuitsutsa ndipo palibe khoti limene lagamula. Tsopano chadutsa chaka ndi miyezi, kuli zii. Sindikunena kuti zatheratu, mlandu suwola, ndipo lamulo la Limitation Act ya 1980 limawapatsa zaka 6 zoti akhoza kusuma. Fayilo ija ikadali pa firiji.

Pali pepala limodzi lokha limene simuyenera kuliika pansi pa pilo ngakhale tsiku limodzi: claim form yochokera kukhoti kwenikweni, yokhala ndi nambala ya mlandu ndi chidindo cha khoti. Ikafika muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Mukangokhala chete, khoti limagamula mokomera wosumayo osakumvani, ndipo mumakhala ndi CCJ, chigamulo cha khoti chakuti muli ndi ngongole. Imeneyo imakhala pa dzina lanu zaka 6, pokhapokha mutalipira yonse pasanathe mwezi umodzi, ndipo idzakuvutitsani pofuna nyumba ya lendi, ngongole, ngakhale kontirakiti ya foni. Ndiye mukasamuka nyumba, onetsetsani kuti makalata akukupezani. Ambirife timasamukasamuka chifukwa cha ntchito, ndipo munthu akhoza kuluza mlandu umene sanaumvepo.

Za viza ndi DBS (chikalata chosonyeza mbiri ya milandu chimene olemba ntchito amafuna), poti ndikudziwa kuti ndi zimene zikukudyani mumtima, makamaka inu a ntchito ya care ngati ine. Kalata ya civil recovery payokha si mbiri ya kupolisi ndipo siituluka pa DBS. Makampani ena amasunga maina m'makompyuta awo, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu limakupatsani ufulu wowafunsa chimene akusunga chokhudza inu. Chimene chimaluma ndi cha kupolisi. Apolisi akakuuzani kuti "ingolandira caution uzipita kunyumba," dziwani kuti kulandira caution, chenjezo la apolisi, ndi kuvomera mlandu, imalembedwa, imatha kutuluka pa DBS, ndipo mafomu a Home Office, unduna wopereka viza, amafunsa za zimenezi. Kupolisi loya ndi waulere kwa aliyense, kaya uli ndi mapepala otani. Mufunseni musanasaine kanthu. Ndipo pa fomu ya viza musabise chimene mwafunsidwa, chifukwa bodza limeneli ndi lolemera kuposa lipisitiki. Izi ndikunena za England ndi Wales. Ku Scotland makhoti ndi ena, ndipo abale a ku America malamulo anu ndi osiyana kwambiri, chifukwa kumeneko zigawo zambiri zinakhazikitsa lamulo lolola masitolo kufuna ndalama zoonjezera, monga ku California kumene zimayambira $50 mpaka $500.

Chiletso cholowa m'sitolo chija, chimenecho ndinamuuza kuti achilemekeze. Sitolo ndi malo a eni ake, akakuletsa wakuletsa. Poyamba ndinkafuna kumugwira dzanja tikapepese kwa manijala maso ndi maso, monga tikanachitira kwathu, koma mlangizi anatiletsa, ndipo ndinamvera ngakhale mtima unkakana.

Kwa makolo anzanga, mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwana wanga anasunga kalata ija mwezi wathunthu chifukwa ankandiopa ine kuposa khoti. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Timawauza ana athu tsiku ndi tsiku kuti tinavutika kuti afike kuno, asatichititse manyazi, ndipo ndi zoona. Koma tikamangonena zokhazo, tsiku limene adzalakwe adzathamangira kwa mlendo wa pafoni amene akufuna nambala ya khadi lawo la kubanki, osati kwa ife.

Chilango chake kwa ine sichinali ndalama. Ndinamuuza kuti amayi ake awauze yekha, ndi pakamwa pake, ine sindimuyankhulira. Anazengereza masiku atatu. Lachinayi usiku anakhala pa tebulo lomwe lija, anaimika foni pa botolo la mafuta ophikira, n'kuimba pa WhatsApp. Kumudzi magetsi anali atazima, nkhope ya achemwali inkangooneka mbali imodzi ndi kuwala kwa tochi. Anafotokoza zonse, osadumpha za jekete, osadumpha za £40. Achemwali anakhala chete nthawi yaitali mpaka tinaganiza kuti netiweki yaduka. Kenako anati, "Wadya koma?" Mwanayo anagwetsa mutu pa tebulo n'kuyamba kulira, ine ndinanyamuka kukatenthetsa ndiwo.