Za Azzam, musangothera pa kutalika kwake

Achimwene mwalemba bwino za Azzam ija, sitima yapamadzi yosangalaliramo anthu olemera, koma mwangokakamira pa kutalika kwake kwa mamita 180 basi, ngati nkhani yonse ndi imeneyo. Ine chimandizunguza mutu ndi liwiro lake, chisitima chachikulu chonchija nkumathamanga kupitirira ma knots 30 (pafupifupi makilomita 56 pa ola)?? Eclipse ya Roman Abramovich, ya mamita 162 yomwe Azzam inailanda nambala wani pa kutalika, siingayipeze olo pang'ono.

A Lürssen a ku Germany ndi amene anaimanga nkuiyika pamadzi mu 2013, panthawiyo inali ya Sheikh Khalifa wa ku Abu Dhabi. Mainjini ndi anayi, awiri a dizilo awiri a gas turbine, ndipo siyendera mapulopela ayi, imakoka madzi nkuwalavula kumbuyo mwamphamvu, nde imatha kuyenda m'madzi osaya ngati a ku Gulf chifukwa thupi lake limangomira mamita 4 ndi pang'ono. Ndiye chipinda chochezera, mamita 29 mulitali 18 mulifupi popanda mzati ndi umodzi womwe pakati, amene munamangapo nyumba mukudziwa kuti denga lotere si masewera.

Ife kuno ku Mbare sitima imene timaidziwa ndi Ilala ya agogo akamasimba za kumudzi ku Nkhata Bay. Inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland, inayamba kuyenda mu 1951, mamita 52 okha. Ndiye kuti Azzam ndi ma Ilala atatu kuphatikiza kachidutswa, ya banja limodzi eti. Mukadzalembanso mutiuzeko za mafuta, ma turbine aja amamwa bwanji?