Le Chambon-sur-Lignon: ulemu usapite kwa abusa okha

Anthu akamasimba za Le Chambon-sur-Lignon, kamudzi ka ku France komwe kanabisa Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amangotchula abusa André Trocmé ndi akazi awo, mayi Magda. Anali olimba mtima, sindikukana. Koma kwa ine ulemu waukulu ukuyenera kupita kwa alimi wamba a kumeneko.

Kamudzika kali m'chigawo cha Haute-Loire, pamwamba pa mapiri a Massif Central, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000. Dzinja la kumeneko ndi lalitali, chipale chimatseka misewu, ndipo nyumba za alimi zinamwazikana m'nkhalango, ina kuno ina uko. Apolisi a boma la Vichy, boma la France lomwe linkagwirizana ndi a Nazi a ku Germany, akamakwera kudzasaka anthu, mbiri inkawatsogolera, ana n'kuthawira kuthengo.

Komatu mapiri ali ponseponse ku France. Chomwe chinasiyanitsa dera ili ndi zomwe makolo awo anaona. Ambiri kumeneko ndi Apulotesitanti. Mfumu Louis XIV itathetsa lamulo la Nantes, lomwe linkawapatsa ufulu wopembedza, mu 1685, chipembedzo chawo chinaletsedwa. Ankapemphera mobisa m'nkhalango, abusa awo akusakidwa ngati nyama. Zidzukulu za anthu otere sizinafunike kuphunzitsidwa chochita mlendo wothawa akagogoda usiku. Komanso nkhondo isanayambe, derali linkalandira kale ana osauka ochokera mumzinda wa Saint-Étienne kuti adzapume mpweya wabwino wa kumapiri. Mabedi analipo, chizolowezi cholera mwana wa wina chinalipo.

Abusa analalikira, inde. Koma yemwe ankagawa mbatata ndi mkaka nthawi ya njala, podziwa kuti akagwidwa banja lake lonse lili pamoto, anali mayi wa pafamu amene dzina lake silinalembedwe pena paliponse. Ndipo zoopsazo zinali zenizeni: Daniel Trocmé, m'bale wa abusawo, anagwidwa mu 1943 pamodzi ndi achinyamata omwe ankawasamalira, n'kukafera kumsasa wachibalo wa a Nazi wa Majdanek, ku Poland, mu 1944.

Chinanso chimandinyansa. Mu 1990 bungwe la Yad Vashem la ku Israel, lomwe limakumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi, linalemekeza Le Chambon pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, koma lero ndani amatchula Tence kapena Le Mazet-Saint-Voy? Nakonso mabanja ankabisa anthu, ena mpaka kuwaperekeza ulendo wopita kumalire a Switzerland.