Mapu a Malawi, Zambia ndi Mozambique sakumana pa malire: vuto lili pa datum

Kuyambira pa msonkhano woyamba wa Digital Earth ku Beijing mu 1999, akatswiri akhala akukambirana za chithunzi chimodzi cha dziko lonse mu kompyuta. Mu February 2015, United Nations inavomereza kuti maiko aziyezera malo pa maziko amodzi. Koma tengani mapu akale a Dedza ndi a Angónia ku Mozambique, muwaike pamodzi mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta: msewu umaduka, mtsinje umadumpha.

Chifukwa chake n'chakuti dziko lililonse linasankha datum yake, ndiye kuti poyambira muyeso ndi mawonekedwe a dziko amene manambala akutsamira. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anatengera Arc 1950 ya Angerezi, yomangidwa pa mawonekedwe a dziko otchedwa Clarke 1880. Tanzania inatengera Arc 1960. Mozambique inayenda njira ya Apwitikizi, datum ya Tete pa Clarke 1866, kenako inakhazikitsa Moznet yogwirizana ndi WGS84, datum imene GPS imagwiritsa ntchito.

Ngakhale Malawi ndi Zambia, amene datum yawo ndi imodzi, safanana posamutsa manambala kupita ku WGS84. Posamutsapo pamafunika manambala atatu a mamita: kwa Malawi amagwiritsa ntchito -161, -73 ndi -317. Kwa Zambia -147, -74 ndi -283. Wogwira ntchito pakati pa Mchinji ndi Chipata akangolola kompyuta kusankha yokha, amalakwitsa ndi mamita makumi angapo osazindikira. Wosasamutsa n'komwe amaphonya ndi mamita pafupifupi 300, makamaka molunjika kumpoto ndi kumwera. Pamunda wa mahekitala awiri, bikoni ya malire yagwera kale kwa mnansi, ndipo mlandu wafika kwa amfumu.

Pa zigawo za UTM, njira yogawa dziko lapansi m'zigawo za manambala polemba mapu, Malawi ali ndi mwayi, chifukwa dziko lonse likukwana mu 36S. Zambia yagawika patatu, 34, 35 ndi 36. Mozambique pawiri, 36 ndi 37.

Njira imene ndikuiona yabwino ndi ya South Africa. Iwo anaika tsiku, 1 January 1999, nasiya Cape Datum n'kulowa pa Hartebeesthoek94, kenako anamanga masiteshoni a TrigNet olandira uthenga wa masatelaiti usana ndi usiku. Kukhala ndi datum ziwiri kwa zaka zambiri, mapepala a malo pa yakale, GPS pa yatsopano, ndiko kumabala chisokonezo. Ntchito ya AFREF yokhazikitsa datum imodzi, imene imakambidwa kawirikawiri pamisonkhano ya mapu mu Africa, ikufuna zomwezi pa kontinenti yonse, koma imadalira masiteshoni osazima, magetsi ndi intaneti, komanso maiko kugawana zimene ayeza.

Pakadali pano, werengani kaye m'mphepete mwa mapu kuti mudziwe datum. Mu QGIS, datum ndi chigawo chake zimasankhidwa ndi nambala ya EPSG: Arc 1950 ya 36S ndi EPSG:20936, Tete ndi 2736, Moznet ndi 3036, WGS84 ndi 32736. Ambiri amalakwa posintha dzina la CRS (datum ndi chigawo cha mapu) m'malo mochita reproject, kutanthauza kusamutsa manambala enieniwo. Manambala amakhala akale omwewo atavala dzina latsopano. Mukatha, pitani pa bikoni yodziwika mukayese. Lembaninso chaka cha muyeso, poti nthaka ya Africa imasuntha masentimita awiri kapena atatu pachaka, ndipo mng'alu wa Rift Valley wadutsa m'nyanja ya Malawi momwemo.