Chenjezo kwa inu amene mukugula masitandi m'dambo muno mu Harare

Ana anga, adzukulu, inu a ku Mufakose, Mbare, Mabvuku, Dzivarasekwa mpaka ku Epworth, lero mundimvere, wokwiya akwiye koma wakutsina khutu ndi mnansi. Khalidwe lomangopereka ndalama kwa munthu aliyense wonyamula chidindo ndi tepi yoyezera malo lanyanya, ndipo likutichititsa manyazi.

Lamlungu lapitali mwana wa mlongo wanga anabwera kudzanditenga, akuti amalume tiyeni mukaone sitandi yanga. Tafika kumeneko nsapato zanga zayamba kutitimira, komatu mvula sinayambe. Dothi lakuda bii la makande, bango mbali zonse, achule akulira masanasana. Iye ali mwee kusekerera, akuti amalume taonani mwayi, chitsime ndangokumba pang'ono madzi atuluka kale. Ndaponya maso, chimbudzi cha neba chili mapazi khumi okha kuchoka pachitsimepo. Ndati mapepala ali kuti? Wanditulutsira karisiti kolemba pamanja ndi chidindo cha kooperetivu, basi. Thukuta la zaka zitatu ku Johannesburg lathera pa kapepala kameneko. Mtima unandipweteka kwabasi.

Kodi simudziwa kuti madzi saiwala khwawa? Malo amene mukuti ndi tchire longokhala ndi njira ya madzi imeneyo, Januwale akafika adzabwera kudzagona nanu m'chipinda, ndipo makande amafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka chilimwe, khoma lanu lidzang'ambika ngakhale muthire simenti yochuluka bwanji.

Tsono nkhani si ya nyumba yanu yokha ayi. Mzinda uno unakhala kumtunda kwa madzi amene timamwa. Mukuvisi ndi Marimba amatenga zonse zimene timataya n'kukazitula ku Lake Chivero, damu la mu 1952 lija, kenako madzi omwewo amawayeretsa ku Morton Jaffray n'kutibwezera m'mipopi. Dambo ndiye sefa yathu, limamwa mvula, kusunga, kutulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zitsime ndi mijigo zimakhala ndi madzi mu Okutobala. Mukaliphimba ndi konkire mvula imangothamanga pamwamba itasenza zonyansa, mjigo n'kuuma. Monavale Vlei, Cleveland Dam ndi Chivero anaziika pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa, mu 2013, dziko lonse lapansi kuvomereza kuti malo amenewa ndi ofunika, inu n'kumati ndi udzu chabe. Mwaiwala kolera ya 2008 imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro maliro khomo ndi khomo? Mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Kolera sigwa kumwamba, imayenda kuchoka m'chimbudzi kulowa m'chitsime monga ndinaonera Lamlungu lija.

Ndikudziwa lendi yawawa, ndikudziwa pa waiting list ya khonsolo ena anakalambirapo mpaka kumwalira, sindikulankhula ngati munthu wosadziwa mavuto. Anthu tachuluka, kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare pamodzi ndi Chitungwiza ndi Epworth, ndipo mzinda ukupitabe kunja, Nyumba ya Malamulo yatsopano ili ku Mt Hampden, ku Ruwa ndi ku Norton kumene kale tinkati ndi kutali pano anthu akupita kuntchito m'tauni tsiku lililonse. Koma kukula kumeneku ndiye chifukwa choti musamale. Malo opanda nyumba sikuti alibe ntchito, pa pulani ya khonsolo pamenepo mwina ndi pa sukulu, pa kiliniki, podutsa msewu kapena paipi ya suweji kapena mawaya a magetsi. Tsiku lina pulaniyo idzafika, ndipo buludoza siwerenga karisiti ka kooperetivu. Land baron, wogulitsa malo mwachinyengo uja amene anakudyerani ndalama, foni yake idzakhala yothima.

Apa ndiye mundimvetsetse inu ana a kwathu. Ine 2005 ndinaiona ndi maso angawa, Murambatsvina, boma likugwetsa nyumba zomwe linkati n'zosavomerezeka, m'nyengo yozizira, mabedi ndi mapoto zili panja, ana akugona pamphepo, a United Nations anati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Anthu ankauzidwa kuti bwererani kumudzi. Anzathu anakwera mabasi, wina wa ku Murewa wina wa ku Gutu, anali ndi kolowera. Nanga ife? Atate athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi nthawi ya Federation kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, ambiri a inu mudzi wa agogo anu simunaupondeko, ngakhale dzina la nyakwawa simulidziwa. Ife nyumba ikagwa tilibe kumudzi. Ndiye munthu wotere ndi amene ayenera kukhala woyamba kufunsa mapepala, koma ayi ndithu, ndife amene tikutsogola kuthamangira masitandi otchipa a pa WhatsApp.

Musanatulutse ngakhale dola imodzi pitani ku ofesi ya khonsolo mukafunse ngati malowo ali pa layout plan yovomerezeka, nambala ya sitandi ikaoneke m'mabuku mwao osati m'kabuku ka tcheyamani. Dziwaninso khonsolo yake ndi iti, chifukwa malo ena m'mphepetemu ali pansi pa Goromonzi kapena Zvimba, osati Harare. Ku Deeds Office mukaone mwini wake weniweni, ngati pali bango ndi madzi kafunseni a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, akuti atsala awiri okha lipirani lero, nyamukani muzipita.

Mwana wa mlongo wangayu ndamuuza kuti njerwa zija asaonjezere ngakhale imodzi ndipo silabu asathire. Wanyinyirika, akuti amalume ndinu achikale. Lachiwiri m'mawa ndikukamutenga ndekha tikaime pa mzere ku khonsolo ndi karisiti kakeko.