Khadi ndi yabwinobwino, vuto ndi nouveau

Zimatopetsa kumva munthu akudandaula kuti GTX 1060 yake, khadi ya zithunzi ya NVIDIA, yatha, chikhalirecho Ubuntu ikuiyendetsa ndi nouveau, dalaivala (pulogalamu yoyendetsa khadi) waulere amene amabwera ndi Ubuntu. Dalaivala ameneyu satha kukweza liwiro la makadi a GTX 900 ndi 1000, ndiye khadi imangokwawa pa liwiro loyambira, masewera n'kumadukizadukiza.

Kuti muike dalaivala wa NVIDIA, lembani sudo ubuntu-drivers install mu Terminal, muzimitse kompyuta n'kuyatsanso. Chokwiyitsa chili apa: Secure Boot (chitetezo choletsa mapulogalamu osasainidwa pamene kompyuta ikuyaka) ikakhala yoyatsa, nthawi zina pamatuluka sikirini yabuluu ya MOK (kiyi yolola dalaivalayo kugwira ntchito), ndipo ambiri amangodina Continue boot ngati akuthamangira minibasi. Ayi! Sankhani Enroll MOK, mulembe pasiwedi munapanga poika dalaivala ija, apo ayi dalaivala wa NVIDIA sadzuka n'komwe. Kenako yesani nvidia-smi, lamulo loonera ngati dalaivala wa NVIDIA akugwira ntchito. Ikati siyikumvana ndi dalaivala, kawirikawiri ndi sikirini munailumpha ija.