Tisamangoti anthu akuthawa ku California, tiyang'ane kaunti iliyonse payokha

Zoti anthu akuthawa ku California zamveka kwambiri chiyambire 2020, ndipo sizopanda maziko. Kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu 39,538,223, koma chiwerengerocho sichinakwere mofulumira ngati m'zigawo zina za America, moti California inataya mpando umodzi ku nyumba ya malamulo ku Washington, kuchoka pa 53 kufika pa 52, zomwe zinali zisanachitikepo. Komabe maganizo anga ndi akuti nambala imodzi ya chigawo chonse imasocheretsa. California ili ndi makaunti 58, omwe tingawayerekeze ndi maboma a kwathu kuno, ndipo kusamuka kwa anthu kumaoneka bwino ukatenga kaunti imodziimodzi.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze kaunti yomwe inali ndi anthu 200,000 pa 1 Julayi, chaka chotsatira tsiku lomwelo n'kukhala ndi 203,000. M'chakacho munabadwa ana 2,400, anthu 1,600 anamwalira. Obadwa aposa omwalira ndi 800. Chotsani 800 pa 3,000 owonjezekawo, atsala 2,200: amenewa ndiwo obwera kudzakhala mukachotsapo osamuka. Gawani 2,200 ndi chiwerengero cha pakati pa chaka, chomwe ndi 201,500, kenako chulukitsani ndi 1,000. Yankho ndi pafupifupi 11 pa anthu 1,000 alionse. Kugawako n'kofunika, chifukwa popanda iko kaunti yaikulu imaoneka ngati ndiyo ikutha anthu nthawi zonse.

Tsono tionere limodzi zenizeni. Pakati pa Julayi 2020 ndi Julayi 2021, nthambi ya boma la America yowerengera anthu, Census Bureau, inapeza kuti osamuka mu kaunti ya Los Angeles kupita kwina m'dzikolo anaposa obwera ndi pafupifupi 180,000. Pa anthu pafupifupi 10 miliyoni, amenewa ndi 18 pa 1,000. Chaka chomwecho kaunti ya Riverside, chakum'mawa kwa Los Angeles, inapindula anthu oposa 31,000, kapena kuti pafupifupi 13 pa 1,000. San Francisco inachepa ndi anthu oposa 6 pa 100 alionse m'chaka chimodzi chokha. Chigawo chimodzi, boma limodzi la ku Sacramento, msonkho wa chigawo wofanana, koma kwina anthu akutuluka, kwina akukhamukira. Amene amati anthu akuthawa msonkho kapena ndale ayenera kufotokoza chifukwa chake Riverside ndi Placer, kaunti ya pafupi ndi Sacramento, zinkadzaza.

Chomwe chimasiyanitsa malowa ndi mtengo wa nyumba. Nyumba wamba ya banja limodzi ku San Francisco imadutsa madola 1 miliyoni, pomwe ku Riverside kapena ku San Joaquin imatsika kwambiri. Banja limasamukira ku Tracy kapena ku Manteca, matauni a m'kaunti ya San Joaquin, koma ntchito ikadali ku Bay Area, dera lozungulira San Francisco, ndiye m'bandakucha aliyense ali pa msewu wa I-580 kudutsa Altamont Pass. Anthu otere sanathawe California. Anathawa lendi, ndipo mtengo wake akulipira ndi maola a pamsewu komanso mafuta a galimoto. Izi zimandikhudza, chifukwa amene amakankhidwira kutali kwambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi oyendetsa mabasi, anthu omwe mzindawo sungayende popanda iwo.

Ngakhale nambala za kaunti zili ndi misampha yake, ndipo olemba nkhani amagwamo kawirikawiri.

Kaunti ya Alpine inali ndi anthu 1,204 okha mu 2020. Anthu 22 akachoka, mlingo wake ufika 18 pa 1,000, kufanana ndi Los Angeles yomwe inataya 180,000. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi angaike kauntiyo pamwamba pa mndandanda chaka chino, chaka chamawa n'kukhala pansi. Pa makaunti aang'ono chotere muziphatikiza zaka zisanu musananene kanthu.

Msampha wina ndi woti kusamuka kwa mkati mwa kaunti sikuoneka n'komwe. Moto wa Camp Fire unapsereza tawuni ya Paradise mu Novembala 2018, anthu 85 anafa. Paradise inali ndi anthu 26,218 mu 2010, koma mu 2020 anapezeka 4,764. Ambiri anathawira ku Chico, yomwe ili m'kaunti yomweyo ya Butte. Chiwerengero cha Butte yonse chinangotsika kuchoka pa 220,000 kufika pa 211,632. Woyang'ana nambala ya kaunti yokha angaganize kuti panachitika kanthu kochepa, pomwe tawuni yathunthu inasamuka ndipo Chico inasowa nyumba zogonamo anthu.

Akaidi, asilikali ndi ophunzira amawerengedwa komwe akugona. Ndende ya California Correctional Center ku Susanville itatsekedwa mu 2023, kaunti ya Lassen inaoneka ngati yataya anthu ambiri, koma gawo lina anali akaidi ongosamutsidwa. Ku Yolo, komwe kuli yunivesite ya Davis, achinyamata amalowa ali ndi zaka 18 n'kutuluka akamaliza maphunziro. N'chifukwa chake mlingo wosagawidwa m'misinkhu umabisa zambiri. Kaunti yolandira opuma pantchito ifunika zipatala, yolandira mabanja a ana aang'ono ifunika makalasi, koma zonse ziwiri zingaonetse nambala yofanana.

Funsaninso komwe nambalazo zachokera. Chaka ndi chaka Census Bureau imayerekeza adiresi imene munthu analemba pa fomu ya msonkho ya IRS (nthambi ya boma yotolera msonkho) chaka chatha ndi ya chaka chino, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo imagwiritsa ntchito kaundula wa Medicare, inshuwalansi ya boma yothandiza okalamba kuchipatala. Osauka kwambiri omwe sadzaza fomuyo amaphonyeka mosavuta, wophunzira amaonekabe pa adiresi ya makolo. Nthambi ya zachuma ya California imadalira kwambiri kusintha kwa adiresi pa ziphaso zoyendetsera galimoto, choncho musadabwe nambala ziwirizi zikasiyana. Njira yochotsera obadwa ndi omwalira ija nayo ili ndi chilema: cholakwika chilichonse cha kalembera chimagwera pa osamuka. Kalembera wa 2020 anaphonya pafupifupi 5 pa 100 alionse a anthu a mtundu wa Hispanic (a mizu yochokera kumaiko olankhula Chisipanishi, monga Mexico) m'dziko lonse, ndipo makaunti ngati Imperial ndi Tulare ali ndi anthu otere ochuluka.

Chachikulu kuposa zonse ndi kulekanitsa osamuka a mkati mwa dziko ndi ochokera kunja. California yakhala ikutaya anthu kupita ku Texas, Arizona ndi Nevada kwa zaka zambiri, koma ana obadwa komanso anthu obwera kuchokera ku Mexico, India, China ndi Philippines ankatseka dzenjelo. Mliri wa Covid-19 utatseka malire ndiponso imfa zitachuluka, dzenjelo linaonekera poyera. Ochokera kunja atayambanso kulowa, chiwerengero chinakweranso pofika 2024. Kukweraku sikusonyeza kuti vuto latha, chifukwa a mkati mwa dziko akuchokabe ku Los Angeles ndi ku Santa Clara, ndipo adzapitiriza kuchoka mpaka makaunti a m'mbali mwa nyanjawa atalola kumanga nyumba zokwanira pafupi ndi ntchito.